Pampu Inatsala ku Chegutu

Agogo anga aamuna ndikawakumbukira, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la guluu womatira machubu, losakanikirana ndi utsi wa chidutswa cha tayala lakale chimene ankakoleza m'mawa wa mwezi wozizira kuti zala ziwongoke asanagwire sipanala. Kenako makutu amatsatira: kulira kwa tcheni akamazunguza gudumu la njinga yogadamika, kuphulika kwa thovu m'beseni la madzi akuda akamafufuza pamene chubu chabooka, ndi kupuma kwa pampu yawo yachitsulo, yaitali ngati mkono wanga, imene utoto wake unali utatha pogwirira. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mabulosi kuseri kwa msika wa ku Rimuka, kuno ku Kadoma. Dzina lawo anali a Layisoni Mbewe, koma Rimuka yonse inkangoti Achimwene, monga Ashona amaitanira mwamuna aliyense wa ku Malawi ngakhale mutu uli mbuu ndi imvi.

Munthu uja sankadziwa kukhala pansi. Sadza, nsima ya kuno, ankadya chiimire, mbale ili pa chishalo cha njinga. Kutchalitchi ankasankha benchi ya pafupi ndi chitseko kuti ulaliki ukatalika atuluke kukayang'ana matayala a njinga za eni ake. Akamaliza kukonza njinga ya munthu ankati akukaiyesa pang'ono, ndipo pang'ono pakepo ankafika napo theka la njira ya ku Chakari, mwini njinga ali pansi pa mabulosi kutukwana m'zinenero ziwiri. Ukawafunsa chifukwa chake sapuma, yankho linali limodzimodzi: "Mwendo ukaima, mutu umayamba kuyenda." Ndili mwana ndinkayesa nthabwala. Ndinadzamvetsa mochedwa kuti mutu wawo unali ndi malo amene sankafuna kuti uzipitako.

Anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito mu mgodi wa golide ku Chakari. Anauza mlongo wawo kuti abwerako pakatha zaka ziwiri. Zinatha zaka zoposa makumi anayi, osabwerera, osalemba kalata. Kwawo munthu wotere amati anatchona. Agogo aakazi anamwalira ine ndisanabadwe. Ine ndili wamng'ono, m'zaka zitatu zotsatizana, agogo aamuna anaika m'manda ana awo onse atatu: bambo anga a Layitoni, azakhali anga a Edina, ndi Fanuwelo amene anali chitsiriza. Anali matenda aja amene masiku amenewo anthu ankawatchula ndi maso okha. Mayi anga, Mshona wa ku Chegutu, anatsatira mvula isanagwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Tsiku lotsatira maliro a mayi, akuluakulu anakhala pabwalo kukambirana za ine, ineyo ndili pomwepo pa mkeka, ndikutola mabulosi ouma. Amalume anga a Gwenzi, mlongo wawo wa mayi, anawomba m'manja mwaulemu wa Chishona n'kunena kuti kwawo mwana ndi wa kwa bambo, malobolo anaperekedwa, iwo sangalande magazi a kwa Mbewe. Madoda a ku Malawi a m'bungwe la maliro nawo anagwedeza mitu mwaulemu womwewo n'kunena kuti kwathu mwana ndi wa kwa mayi, mwini mbumba ndi malume, iwo sangadumphe mwambo. Palibe anakweza mawu. Aliyense ankandipereka kwa mnzake ndi manja awiri, ngati mlendo akukana nyama yomaliza m'mbale. Ndipamene ndinaphunzira kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Agogo nthawi yonseyi ankangozungulira bwalo, manja kumbuyo. Dzuwa litafika pamutu anaima.

"Mwamaliza?" anafunsa. Ananditembenukira. "Iwe Tariro, tenga thumba lako."

Anandikweza pa keliyala ya njinga yawo n'kupita nane kunyumba yawo ya zipinda ziwiri. Mlandu unathera pomwepo, koma ine sindinaiwale kuti mwambo uliwonse unandikana, ndipo chimene chinandilandira chinali nkhalamba imodzi yosakhazikika.

Tinakhala zaka ziwiri. Iwo ankandiyankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chishona, iwo n'kumati ndili ndi makutu a ku Dedza ndi pakamwa pa ku Chegutu. Kuphika sankatha. Tsitsi langa ankalipesa ngati akuchotsa dzimbiri pa masipoko, mpaka Mayi Dzimbiri, oyandikana nafe, anawalanda chipeso. Mayi Dzimbiri ndiwo ankatsogolera amayi a kutchalitchi kuphikira phala ana amasiye a m'dera lathu, ndipo tinalipo ambiri, moti mzere wathu unkakhota pa ngodya ya tchalitchi. Ankaphikira panja. Mvula ikagwa moto unkazima, phala osapsa, ife n'kubwerera ndi makapu opanda kanthu.

Lamlungu lina agogo anachita chinthu chachilendo: anakhala m'tchalitchi mpaka mapemphero kutha. Pa nthawi ya zolengeza anaimirira n'kunena kuti akupalasa njinga kuchoka ku Kadoma kukafika ku Dedza ndi kubwerera, pokumbukira ana awo atatu, ndipo aliyense woona kuti ulendowo ndi wamtengo apereke chimene angathe kuti amayi aja amangiridwe shedi yophikiramo. Anthu anaseka kaye. Ataona kuti mdala sakuseka, anayamba kulonjeza, uyu malata awiri, uyu mitengo ya denga, uyu bulangete, mwina poganiza kuti akakafika pa Norton, asanaione n'komwe Harare, mawondo adzamubweza. Koma agogo anali ndi chifukwa china chimene anangouza ife a pafupi. Maliro atatu aja kumudzi anali asanamveke. Mlongo wawo, ngati anali moyo, sankadziwa n'komwe kuti anawo anabadwa. "Maliro osanenedwa kwawo satha," anatero. Anapita kumanda a ku Rimuka, natapa dothi pang'ono pa manda alionse, n'kumanga m'timfundo titatu ta nsalu. Pa kachidutswa ka lata analembapo ndi utoto woyera mayina atatu, n'kukamangirira kutsogolo kwa mahandulo.

Ine sindinkaseka ndipo sindinkalonjeza. Ndinamva Mayi Dzimbiri akuuza mnzawo pa mpopi wa madzi, osadziwa kuti ndili kuseri kwa ndowa zawo, kuti, "Munthu wamkulu akaona phiri la kwawo miyendo imakana kubwerera. Anatchona kuno, akatchonanso konko." Mawu amenewo anandilowa mumtima n'kukhazikikamo. Munthu amene anauza mlongo wake kuti zaka ziwiri, n'kukhala zaka makumi anayi, ndiye amene ankandiuza ine kuti milungu inayi.

"Mudzabwera?" ndinawafunsa, uku akuthira mafuta tcheni.

"Nanga ndikupita kukakwatira?"

"Nenani kuti mudzabwera."

"Tandipatsa chiguduli icho."

Ndi mmene analili. Ankaopa lonjezo kuposa njoka, popeza limodzi lalikulu anali ataliphwanya kale.

Ananyamuka tchuthi cha Ogasiti chitangoyamba, m'mawa, amayi akuimba, ana akuthamangira njinga mpaka pa msewu waukulu. Katundu anamumangirira kutsogolo kuti ine ndikhale pa keliyala, chifukwa anagwirizana ndi amalume kuti ndikadikire ku Chegutu, kumene msewu wa ku Harare umadutsa. Ulendo umenewo ndimaukumbukira ndi thupi lonse: jekete lawo lonunkha girizi ndi fodya limene ndinakanikizapo tsaya, mphepo ya magalimoto akuluakulu imene inkatikankhira kumbali, thonje lomatirira pa udzu wouma m'mbali mwa msewu, ndi msana wawo ukuyenda uku ndi uku pansi pa manja anga. Ankaimba nyimbo ya mu mgodi m'Chilapalapa, chiyankhulo cha ntchito chimene ine sindinkamva. Mtengo uliwonse umene tinkadutsa ndinkaona kuti ukundiyandikiza pamene akanditula.

Titafika kwa amalume, agogo anamasula katundu n'kumumanganso bwinobwino pa keliyala, pamalo panga. Kenako analowa m'nyumba kukalonjerana ndi eni khomo, tiyi n'kumwera pakhomo chiimire. Ine ndinatsala ndi njinga. Ndinkadziwa kuti tayala lakumbuyo linkaphwa pang'onopang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ankalipopa asanakwere. Ndinalowetsa dzanja m'thumba la zipangizo, ndinasolola pampu, n'kukaisomeka m'denga la khola la nkhuku. Nzeru zanga zinali zakuti mawa akadzuka apeza tayala laphwa, pampu palibe, abwerera kudzaifuna, ndipo ulendo uthera pomwepo. Mwana wa zaka khumi akaganiza amaona ngati wamaliza dziko lonse.

Anandisisita pamutu ndi dzanja lawo lokhakhala, anati, "Usavute," n'kukwera. Ndinawayang'ana mpaka anazimiririka pa msewu.

M'mawa mwake ndinakakhala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa malalanje, kudikira nkhalamba yokwiya. Ndinali nditakonzeka kukwapulidwa, ndipo ndinkakufuna kukwapulidwako. Sanabwere. Tsiku lachiwiri sanabwere. Lachitatu amayi a malalanje anayamba kundisungira malo pa thumba lawo. Sabata itatha ndinasiya kuganiza kuti abwerera chifukwa cha pampu, n'kuyamba kuganiza za munthu wokalamba ali yekha pamsewu wautali, tayala lili phwa, akufufuza m'thumba chinthu chimene chili m'khola la nkhuku ku Chegutu.

Dalaivala wina wa galimoto ya katundu, mnzawo wa amalume, ndiye anandimaliza. Anabwera masana ena kudzacheza, n'kumva za ulendo wa Achimwene, n'kuomba mluzu. Anati kudutsa Nyamapanda, kulowa dziko la Mozambique kulinga ku Tete, dzuwa limawotcha mpaka phula kumata nsapato, ndipo pali malo amene munthu umayenda nthawi yaitali osaona nyumba kapena chitsime. "Bola ngati ali ndi zipangizo zokwanira," anatero. Ndinatuluka n'kukabisala kuseri kwa khola lomwelo.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka agogo. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinkasesa pabwalo posesedwa kale, ndinkatunga madzi migolo ili yodzaza, ndinkapita kumsewu n'kubwerera, n'kupitanso. Akazi awo a amalume sanali munthu woipa, ankandipatsa chakudya chofanana ndi ana awo, koma ankandiyang'ana ngati mlendo amene akuchedwa kutsanzika. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake ine sindinkauma. Milungu inayi inakwana. Sukulu zinatsegulidwa, ana a amalume n'kumavala yunifolomu, yanga ili ku Kadoma m'nyumba yokhoma. Tsiku lina ndikuchapa mbale ndinamva akazi awo aja akufunsa amalume m'khitchini kuti, "Nanga mdala uja akapanda kubwera, mwanayu tichita naye bwanji?"

M'mawa mwake ndinatsitsa pampu m'denga la khola, ndinaipukuta zitosi, n'kuyamba kuyenda kulowera ku Harare. Sindinkadziwa kuti Dedza ili kutali bwanji. Ndinkangodziwa kuti msewu ndi womwewo ndipo pampu ikufunika kutsogoloko. Amalume anandipeza pa mlatho wa Mupfure, atauzidwa ndi amayi a malalanje. Anatsika pa njinga yawo ali wefuwefu, pakamwa patadzaza mawu, koma ataona chimene ndinanyamula anangoloza pampuyo.

"Iyi ndi ya Achimwene?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Anaiwala?"

"Ndinaba."

Anayang'ana pampu, anayang'ana msewu, n'kundiyang'ana ine. Ndinkafuna andimenye. Iwo anangonena motsitsa kuti, "Mwana wa mlongo wanga, wachita chinthu chachikulu," n'kundikweza pa njinga. Madzulo ake anandipatsa chiwindi cha nkhuku, chimene pakhomo paja chinali cha iwo okha.

Agogo anatulukira sabata yachisanu ndi chiwiri, dzuwa lili paliwombo. Ndinayamba kumva phokoso lake ndisanawaone, gudumu likugunda pansi ngati munthu akusinja patali. Tayala lakumbuyo linali lofutukuka mabutumabutu, lodzazidwa udzu m'malo mwa mpweya, lomangidwa ndi malegeni. Iwo anali atada, ataonda, masaya atalowa, ndipo kumapazi anavala nkhwaira za tayala m'malo mwa nsapato zimene ananyamuka nazo. Kachidutswa ka lata ka mayina panalibe. Pa keliyala panali mtolo wa mabulangete wotalika kuposa mutu wawo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'milungu yonseyo, ena m'Chichewa kuti awafike pamtima. Onse anathawa. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga pampu, n'kukagwada patsogolo pawo pafumbi, n'kuipereka ndi manja awiri.

Anailandira. Anatseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu n'kuipopa kawiri, khutu lili pafupi.

"Chikopa chauma," anatero. "Umaba chinthu osadziwa kuchithira mafuta?"

Ndipamene ndinalira, kulira kwenikweni kokhala ndi mamina, amayi a malalanje n'kumalira nawo osadziwa n'komwe mutu wa nkhani.

Kunyumba kwa amalume anafotokoza ulendo wonse uku akumwa madzi kapu ndi kapu. Anazindikira za pampu m'mawa woyamba, pa Norton, ndipo sanachedwe kudziwa kumene ili. Anayamba kubwereka. Mudzi uliwonse, sitolo iliyonse, ankaima n'kupempha pampu, ndipo pampu yobwereka imabwera ndi mafunso: mukupita kuti, mayina awa ndi a ndani. Akafotokoza, mwini pampu naye ankatchula ake amene anawaika, chifukwa zaka zimenezo panalibe khomo lopanda manda atsopano. Mabulangete aja anachokera mwa anthu amenewo, ena anawalonjeza popita n'kuwapatsa pobwerera. Ku Tete kokha, pobwerera, ndiko kunalibe wowabwereka pampu, chubu n'kung'ambikiratu, ndiye anazula udzu.

"Bwanji simunagule ina ku Harare?" amalume anafunsa.

"Ndigulirenji? Pampu ndili nayo ine."

Mlongo wawo anamupeza ali moyo, maso atachita khungu. Anawapapasa kumaso mpaka kupeza chipsera cha paubwana, n'kuwatukwana tsiku lathunthu asanawapatse madzi. Kenako mudzi unasonkhana, maliro atatu ananenedwa, analiridwa, dothi lija linathiridwa kumanda a makolo, kachidutswa ka lata n'kukhomedwa pa mtengo pomwepo. Atatha zonsezo anawaonetsa munda ndi nyumba ya mphwawo amene anamwalira, n'kuwauza kuti ulendo wawo wathera pano. Atakana, mlongo wawo anawabisira nsapato.

"Ukuona," anatero akundiloza ndi kapu, "kuba n'kwa pamtundu."

Anamuuza mlongo wawoyo za ine. Iye anayankha monga mwambo umayankhira, kuti mwana wa Layitoni ali ndi kwawo kwa amake, ali ndi amalume ake, inu mwakalamba, khalani mudzaikidwe pafupi ndi amayi anu. Agogo anavomereza kuti mawuwo anali oona, ndipo anakhala masiku angapo akuwatembenuza, phiri la kwawo lili patsogolo pawo m'mawa uliwonse. Sanabise kuti mtima unafuna kukhala.

"Ndiye munamuyankha chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndinati ndinasiya pampu ku Chegutu. Akuti, pampu yokha? Ndinati ayi, ili ndi woisunga, ndipo ameneyo akapanda kundiona sadya."

Atatero anachita chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. Anakhala pansi pakhonde, anatsamira khoma, natambasula miyendo yotupa ija, n'kugona tulo masana dzuwa likuswa mtengo, dzanja lawo litagwira mkono wanga. Ndinakhala osasuntha mpaka mwendo unachita dzanzi. Atadzuka anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wochita manyazi, n'kunena kuti, "Tariro, tenga thumba lako."

Shedi ija inamangidwa mvula isanayambe, ena mwa olonjeza aja atachita kukumbutsidwa ndi Mayi Dzimbiri pakhomo pawo. Agogo anakhala nane mpaka ndinamaliza sukulu. Ku Dedza sanapitenso. Agona kumanda a ku Rimuka, pafupi ndi ana awo, ndipo maliro awo ndinakanena ndekha kumudzi, pa njinga, m'Chichewa changa chokhota chimene anachiseka kaye asanayambe kulira.

Tsopano chaka chilichonse tchuthi cha Ogasiti chikafika miyendo imayamba kundiyabwa. Tilipo angapo amene timapalasa msewu womwewo, ambiri mwa ife ana a mzere wa phala uja, ndipo aliyense amamangirira mayina ake kutsogolo kwa mahandulo. Anga alipo asanu. Zimene anthu amatipatsa m'njira zimapita ku shedi yomwe ija, chifukwa ana ofuna phala sanathe. Kusakhazikika kwa agogo ndinatengera konse, mwamuna wanga amachita kundigwira phewa kuti ndidye nditakhala.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chaka chilichonse amaima pageti n'kundifunsa m'Chishona ngati ndidzabwere. Ine ndimamuyankha kuti inde, sindili ngati agogo pa zimenezo. Koma ndikudziwa kuti mawu okha samukwanira mwana amene akuona katundu akumangidwa pa keliyala. Ndiye ndisanakwere ndimalowa m'nyumba, ndimatenga pampu yachitsulo ija, yothiridwa mafuta bwinobwino, n'kumupatsa m'manja kuti asavutike n'kuiba.